Madala a pa Luchenza andidzutsira wailesi ya anganga ya nthawi ya chitaganya

Amene muli ndi mawailesi akalekale aja a mavalavu (timababu tagalasi ta mkati mwa wailesi) omwe anasiya makolo anu, chonde musathamangire kukawapereka kwa anyamata ogula zitsulo pa sikelo aja. Pa Luchenza pali madala ena okonza mawailesi, kashopu kawo nkakang'ono moti ukhoza kudutsa osakaona, koma ntchito amaidziwa ndipo chachikulu sanama. Dzina sinditchula poti sindinawapemphe, koma mukafika mbali ya kumsika nkufunsa a kabaza kuti madala okonza mawailesi akale ali pati, akulozerani. Ine ndawayesa ndi chinthu chovuta zedi, wailesi ya anganga anga ya Ever Ready ija ankaitchula kuti Saucepan Special, ndipo pano ikulankhula. Zodandaula ndili nazo ndithu ndipo ndizinena, koma ndiyambe ndi wailesiyo chifukwa ambiri simunaionepo.

Ndi kawailesi kozungulira, kabuluu, thupi lake ndi la aluminiyamu ndipo maonekedwe ake ndi a sefuliya yopanda chogwirira, kukula kwake mainchesi 9 basi. Mkati muli mavalavu 4, imagwira shortwave yokhayokha, za FM iwalani, ndipo mabowo ake anawatchinga ndi kasefa kuti tizilombo tisamalowe. Inatuluka mu 1949, mtengo wake unali £5, batire padera mashilini 25, chibatire chachikulu chomwe chinkatha maola ngati 300. Anganga anali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, nthawi imeneyo nkuti akulemba kuti Cholo, ndipo anakaigula ku Limbe kwa mmwenye atasunga ndalama miyezi yambirimbiri, chifukwa kwa munthu wogwira mu tiyi mapaundi asanu sinali ndalama yoseweretsa. Atamwalira inangokhala mu thiranki pamodzi ndi mabulangete, ndiye mukudziwa chinyezi cha kwathu kuno chiperoni chikayamba, chilichonse chotsekeredwa chimachita nguwi.

Ndisanafike kwa madalawa ndinaionetsapo kwa anyamata ena okonza mafoni ndi ma sabuwufa mtauni. Mmodzi sanatsekule nkomwe, anangoti amayi izi zinatha kalekale, tichotse zamkatizi tiikemo ka Bluetooth ndi ka sipika katsopano muzimvera nyimbo za pafoni, ioneka bho. Wina anafuna kuilumikiza ku chaja ya laputopu kuti aone ngati ingayake, ndinachita kumulanda. Sindikuwanyoza, ntchito yawo ya mafoni amaitha, koma chinthu cha mavalavu nchina ndipo ambiri sanachigwirepo.

Madalawa atangoiona anavula magalasi nkuwapukuta kaye. Amvekere madamu iyi mwaitenga kuti, ine ndinaiona komaliza ndili mnyamata kwa amalume anga ku Chonde. Chomwe chinandisangalatsa nchoti sanalonjeze kanthu. Anatsekula ine ndili pompo, nkundionetsa chimodzichimodzi kuti ichi chapita, ichi mwina, ichi chili moyo. Makapasita akale aja okutidwa ndi pepala ndi phula anati onse achoke chifukwa akakalamba amadontha magetsi, mawaya ena chikopa chake chinali chikungoyoyoka ukachigwira, sipika inali itang'ambika pang'ono m'mphepete, ndipo pa mavalavu anayi aja imodzi inali yakufa. Anandiuza mosabisa kuti valavu imeneyo ku Malawi kuno simuipeza olo mupite ku Limbe kapena ku Lilongwe, pokhapokha muli ndi wachibale kunja, ndipo ngati mulibe tengani wailesi yanu mukaisunge chonchi osaononga ndalama. Ndi angati amalankhula choncho ndalama akuiona? Mwamwayi ndili ndi mphwanga ku Joni, anaitanitsa pa intaneti nkudzapatsira munthu wa basi.

Nkhani ya batire ndi yomwe inandionetsa kuti munthuyu mutu wake umagwira. Wailesizi zimafuna magetsi amitundu iwiri nthawi imodzi, ma volti 90 mbali ina ndi volti 1.5 yotenthetsera mavalavu, ndipo ukasokoneza nkulowetsa 90 ija komwe kumafunika 1.5 mavalavu onse amapsa kamodzinkamodzi. Chibatire chakale chija sichipangidwanso. Iwo anatenga timabatire ta ma volti 9 tokwana 10 nkutilumikiza mondondozana, kuphatikiza batire lalikulu la tochi limodzi, nkuzikhoma mu kabokosi ka pulayiwudi kokhala ndi pulagi yomwe singalowe mozondoka olo mwana ayesere. Pa thupi la wailesiyo sanaboolepo bowo ngakhale limodzi, utoto sanaupentenso, anangopukuta, ndipo zonse zomwe anachotsa anandibwezera mu kajumbo kuti mwina tsiku lina wina adzafuna kuona zoyambirira. Sipika anaimata ndi kapepala kopyapyala ndi guluu mmalo moisintha. Mawu ake akutuluka ngati munthu wa chimfine pang'ono, koma akumveka bwinobwino, ndipo madala akuti ndi mmene zinkamvekera kale.

Mwina mukufunsa kuti mayi ameneyu akuvutikiranji ndi chinthu chosagwira Zodiak olo MBC. Ine ndimaphunzitsa History ku sekondale, ndipo mutu wa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ana amangouloweza, zifukwa zovomerezera, zifukwa zokanira, 1953 mpaka 1963, mayeso akatha aiwala. Koma kawailesi aka ndi umboni wogwirika ndi manja woti atsamunda sankangolamula ndi mfuti ndi msonkho, ankakhalanso pansi m'mamitingi nkukonza kuti munthu wakuda amve chiyani, m'chilankhulo chanji, kuchokera pakamwa pa ndani. Sikanabwere mwangozi m'mudzi mwathu ayi.

Ku Lusaka boma linatsekula kasiteshoni kakang'ono mu 1941 nkhondo yachiwiri ili mkati, kuti anthu azimva za nkhondoyo mmene boma linkafunira, makamaka poti abale awo ambiri anali ku usilikali. Nkhondo itatha mkulu woona zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, Harry Franklin, anabwera ndi maganizo oti siteshoni ya Lusaka ikhale ya anthu akuda a mayiko onse atatu, Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia, ya ku Salisbury ikhale ya azungu. Nthawi imeneyo nkuti kuyambira 1945 kuli bungwe la Central African Council komwe abwanamkubwa a Nyasaland ndi Northern Rhodesia ankakumana ndi nduna yaikulu ya Southern Rhodesia, Godfrey Huggins, kukambirana ntchito zoti azichitira limodzi. Maboma atatuwo anagwirizana kugawana ndalama zoyendetsera, Britain nkupereka ndalama zomangira, nde kubadwa kwa Central African Broadcasting Station kumeneko, yolankhula Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona, Chindebele ndi Chingerezi. Vuto linali loti siteshoni ilipo koma omvera alibe mawailesi. Franklin anayenda zaka akufunafuna kampani yoti ipange wailesi yotchipa yosafuna magetsi, mpaka Ever Ready inavomera, ndipo kampani yopanga mabatire sinali yopusa povomera, aliyense wogula wailesi ndi kasitomala wa batire mpaka kale. Mu 1948 maboma atatuwo anakhazikitsanso Central African Film Unit, ija ya makanema oyenda pa galimoto m'midzi, ndipo kuno boma linali ndi nyuzi yake ya Msimbi. Wailesi, kanema, nyuzi, zonse zochokera dzanja limodzi.

Ndisanamize, sikuti zonse zomwe zinkatuluka mmenemo zinali zoipa. Munali nyimbo zathu, anthu ngati Alick Nkhata anatchuka kudzera pa siteshoni imeneyi, munali moni wa anthu omwe anapita ku Salisbury ndi ku migodi ya kopa kupereka kwa abale kumudzi, munali za umoyo. Franklin mwiniwakeyo pambuyo pake anadzakhala mmodzi wa azungu otsutsa chitaganya. Koma chida ukachipanga amadzachigwiritsa ntchito ndi amene ali pampando, ndipo nkhani ya chitaganya itatentha siteshoniyo inayenera kulankhula zomwe boma likufuna.

Taonani mmene mamitingi anayendera. February 1949 ku Victoria Falls, Huggins ndi Roy Welensky, mtsogoleri wa azungu a ku Northern Rhodesia, ndi anzawo anakumana kukonza za chitaganya, munthu wakuda sanaitanidwe olo mmodzi. Chaka chomwecho ku London Dr Banda ndi Harry Nkumbula wa ku Northern Rhodesia analemba chikalata chokana. March 1951 akuluakulu a m'maofesi a boma anakumana ku London nkulemba mapulani. September 1951 anabwereranso ku Victoria Falls, ulendo uno ndi nduna ya ku Britain yoona za mayiko olamulidwa, James Griffiths, anthu akuda a ku Nyasaland analipo ndipo anakana poyera. Kenako October 1951 boma ku Britain linasintha, Oliver Lyttelton nkutenga mpando wa Griffiths, ndipo apa mpamene zinthu zinatembenuka. Poyamba ma DC ankauzidwa kuti asaonetse mbali, angofotokoza. Tsopano anauzidwa kuti azilimbikitsa anthu kuti chitaganya nchabwino. April 1952 kunali msonkhano wina ku London womwe nthumwi zathu zinaunyanyala, August 1952 nduna ina Henry Hopkinson inazungulira kuno nkubwerera kwawo kukanena kuti anthu ambiri akukana chifukwa choopsezedwa ndi a Congress, mabungwe a ndale a anthu akuda okana chitaganya, January 1953 msonkhano womaliza ku London, mafumu athu anapita okha ku Britain kukadandaula koma sanamvedwe. Ku Southern Rhodesia anachititsa referendamu mu April 1953, ovota pafupifupi onse azungu. Ife sanatifunse. Mu August chitaganya chinayamba.

Zomwe zimandikhudza ine nzoti pulopaganda yonseyo, ndi ndalama zonsezo, anthu a kuno sanaimeze. Anganga ankatiuza kuti madzulo pakhonde pawo pankadzaza anthu, nyimbo zikamalira aliyense chete kapena kuvina, koma ikafika nthawi ya nkhani za chitaganya anthu ankayamba kuyankhana nayo wailesiyo, ena nkumati zimitsani tisunge batire. Anthu a ku Thyolo ndi Mulanje sankafunika munthu wowauza kuti ulamuliro wa azungu okhazikika umakoma bwanji, thangata ankaidziwa pathupi pawo, malo abwino onse ali m'manja mwa maesiteti, kuphatikiza malamulo a malimidwe aja okakamiza migula ndi kumanga anthu. Ambiri anali atagwirako ntchito ku Southern Rhodesia, za mapasi ndi tsankho la kumeneko anaziona ndi maso. Ndiye liwu lochokera ku Lusaka likamati mupindula, sukulu, zipatala, misewu, munthu ankangoyang'ana tiyi yemwe wazungulira nyumba yake.

Ndipo boma likasiya kukhulupiridwa, mphekesera ndi zomwe zimalamulira. Ku Northern Rhodesia kunabuka mbiri yoti shuga wathiridwa mankhwala oti akazi asamabereke, ndipo owulutsa mawu akuda a pa siteshoni ija ankanenedwa kuti ndi anamapopa ogwirizana ndi azungu, anthu osalakwa nkumayenda mwamantha. Kuno kunali mbiri ya chifwamba, yoti anthu akubedwa kuti akaphedwe. August 1953 pa esiteti ya Mangunda, kufupi ndi Luchenza pomwe pano, anthu anagwidwa pa nkhani ya malalanje, mbiri nkufala kuti atengedwa kuti akaphedwe, anthu anasonkhana, ndipo zipolowe zinafalikira m'Thyolo ndi madera oyandikana, misewu kutsekedwa ndi mitengo, mawaya a telefoni kudulidwa, apolisi kubwera mpaka ochokera ku Rhodesia. Anthu 11 anaphedwa. Miyezi yochepa mmbuyo mwake Inkosi Gomani ya ku Ntcheu inali itachotsedwa pampando chifukwa cholimbikitsa anthu ake kusamvera malamulo a boma. Ana anga a Fomu 4 ena amadutsa ku Mangunda tsiku ndi tsiku koma nditawafunsa panalibe anadziwa, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Nditawafotokozera madala zimenezi tsiku lina ndikudikira, anasiya chowotcherera nkunena kuti madamu mayi anga ankatiuza kuti chaka chimenecho anagona kuthengo masiku angapo ndi mwana kumbuyo, koma sankadziwa kuti zikukhudzana ndi mamitingi a ku London. Kuyambira pamenepo ntchitoyo anaigwira ngati wailesi ndi yawo.

Za mamitingi okonza zonena sizinathere pomwepo. Mu 1958 masiteshoni onse a wailesi anawaika pansi pa Federal Broadcasting Corporation, kutanthauza kuti tsopano mwini wake ndi boma la chitaganya lenilenilo. Pa 3 March 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza state of emergency, Dr Banda nkutengedwa kupita ku ndende ya Gwelo, anthu oposa 50 anaphedwa, ndipo chifukwa chomwe boma linafalitsa chinali choti a Congress anakonza chiwembu chopha azungu. Britain inatumiza woweruza Patrick Devlin kudzafufuza, lipoti lake linati umboni wa chiwembu chokonzedwa chonchocho palibe, linati Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, ndiponso kuti kukana chitaganya kunali kozika mizu pafupifupi mwa aliyense. Mukudziwa anachita chiyani? July 1959 nduna zinakumana ku Chequers, nyumba yopumulirako nduna yaikulu ya Britain, pamodzi ndi Armitage, nkulemba chikalata chotsutsa lipotilo kuti zituluke limodzi, anthu asawerenge Devlin yekha. Mu 1960 boma la Welensky, yemwe tsopano anali nduna yaikulu ya chitaganya, linalemba ganyu kampani ya ku London ya Voice and Vision kuti izikometsa chitaganya, mpaka kumanyamula aphungu a ku Britain kudzawayendetsa kuno. Zonsezo sizinathandize, chitaganya chinatha pa 31 December 1963, ndipo 1964 tinakhala ndi MBC yathu. Kuti wailesi yathuyo inadzagwiritsidwa ntchito bwanji zaka 30 zotsatira, akuluakulu mukudziwa, ndi nkhani ya tsiku lina koma nayonso iyenera kukambidwa.

Ndinaitengera ku kalasi. Masana shortwave imavuta, tinangomva phokoso ndi mawu apatalipatali, koma ana anaizungulira, kuigwira, kufunsa kuti ndiye anthu ankadziwa bwanji kuti akunamizidwa, funso lomwe sindinalimvepo zaka zonse ndakhala ndikulemba manotsi pa bolodi. Mtsikana wina anati madamu nanga za pa WhatsApp amakonza ndani. Piriyodi inatha tisanamalize.

Tsopano zodandaula, chifukwa zilipo ndipo wopita kumeneko adziwiretu. Madalawa nthawi saisunga. Akakuuzani kuti bwerani Lachisanu, muwerengere Lachisanu la sabata ina, ndipo sikuti ndi ulesi koma amalandira ntchito zambiri, mawailesi, ma ayironi, ma amplifaya a kutchalitchi, zonse mulu umodzi, komanso magetsi akazima ntchito yaima poti alibe jenereta kapena sola. Foni yawo nthawi zambiri imakhala yozima kapena ili ndi mdzukulu, ndiye kwa ine wochokera mbali ya ku boma ndinaononga thiransipoti kupita pachabe kangapo, minibasi ndi mmene yakwereramu. Lisiti salemba. Amangomata kapepala ka dzina pa katundu nkuika pa shelefu, ndipo kwa chinthu chosapezekanso ngati ichi mtima wanga sunakhazikike mpaka ndinachita kulemba ndekha pa pepala kuti ndasiya chakuti ndi chakuti, iwo nkusayina, anaseka koma anasayina. Mu shopumo fumbi ndi lambiri, denga limadontha pakona ina, ine ndinapempha kuti yanga aziisunga mu katoni ndipo anatero. Pokhala palibe, pali benchi imodzi panja, mvula ikagwa mwanyowa.

Mtengo ndinaona kuti ngwachilungamo. Ya ntchito yawo inali pafupifupi mtengo wa kawailesi katsopano ka ku China kaja ka tochi ndi memori khadi, ndipo anandiuziratu asanayambe, sanawonjezere pamapeto ngakhale ntchito inakula. Chomwe chinadya ndalama ndi valavu ndi kutumiza kwake, kenako mabatire, chifukwa timabatire ta 9 volti khumi si tchipa ndipo ta pamsika tambiri ndi tabodza, timatha msanga. Batire la tochi lija ndi lomwe limayamba kutha, muzikhala ndi lapadera. Anandilangizanso kuti ndikamaliza kumvera ndizizula pulagi, ndisamaisiye mu thiranki koma pamalo podutsa mphepo, ndipo ndiziiyatsa kamodzikamodzi kuti chinyezi chisakhazikike.

Eriyo anandipangira ya waya wautali, ndinaukoka kuchoka pa zenera kukafika pa mtengo wa mapeyala. Usiku kukakhala bata imagwira masiteshoni akunja, ndamvapo Chipwitikizi, Chifalansa, Chiswahili ndi alaliki a Chingerezi, mawu amabwera nkumapita ndiye umafunika dzanja lofatsa pa kachotembenuzira kaja. Amene mukufuna yomvera mpira Loweruka iyi si yanu, kaguleni ya FM. Koma ngati muli ndi yakale, ya mavalavu kaya ya ma transistor oyambirira aja, ya Nzeru ija kaya Supersonic, pitani nayoni, musayese kuiyatsa nokha kunyumba, musaipukute ndi madzi, ndipo tengani chilichonse chomwe chinali nayo mu bokosi olo chikuoneka ngati chinyalala, chifukwa kwa ine pulagi yakale ya batire yomwe inali pansi pa thiranki ndi yomwe inawathandiza kudziwa kuti waya uti ukupita pati. Pitani m'mawa magetsi asanazime, ndipo Lachisanu masana simuwapeza, amakhala ali ku mzikiti.